Malipiro Si Mphatso

Pakutha pa mwezi, pamene mlonda wa pageti, kapena mayi wosamala m'nyumba ya eni, kapena mnyamata wogulitsa m'sitolo aitanidwa kuti akalandire zake, kawirikawiri timamuona akutambasula manja onse awiri, bondo litapindika pang'ono, nathokoza mobwerezabwereza monga munthu amene wapatsidwa chinthu chosachiyembekezera. Ndipo ulemu umenewu, umene tinauyamwira kubere la amayi athu, sindifuna kuunyoza ngakhale pang'ono, pakuti ndiwo umatidziwitsa kwa alendo kuti ndife ana oleredwa. Koma ndaona m'zaka zanga kuti ulemu womwewo, ukapanda kuyenda pamodzi ndi chidziwitso, umamanga lilime la munthu, kotero kuti mwezi ukatha osalandira kanthu amangoti kapena bwana waiwala, akadulidwa ndalama popanda chifukwa amati ndi mmene zikhalira, ndipo tsiku limene wauzidwa kuti mawa asabwerenso amanyamula kajumbo kake, natsanzika mwaulemu, nabwerera kwa ana ake chimanjamanja. Chifukwa chake ndalemba mawu awa, kuti yense wogwira ntchito ya mwini adziwe kuti malipiro sachokera m'kukoma mtima kwa bwana, koma ndi ngongole imene bwanayo wakongola kwa iye pomudyera thukuta lake mwezi wathunthu, ndi kuti lamulo la dziko lino la Malawi linaikidwa kuti ngongoleyo ibwezedwe.

Mantha a wantchito ali ndi gwero lake. Mawu akuti thangata, amene pakati pa makolo athu ankanena za kuthandizana kwa anansi pa ntchito ya kumunda, anapotozedwa m'masiku a atsamunda, pamene eni minda ikuluikulu ya ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba anayamba kuumiriza anthu okhala pa malo amene iwo ankati ndi awo kuti aziwagwirira ntchito m'malo mwa lendi ya pamalopo. Ndipo kuwawa kwa goli limeneli, makamaka pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kunali pakati pa zifukwa zimene zinadzutsa Mbusa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Thangata anathetsedwa mu 1962, koma maganizo ake, akuti wosauka alibe pakamwa pamaso pa mwini chuma, anatsalira m'mitima ya ambiri, olembedwa ndi olemba omwe. Tsono pamene mtundu wathu unadzipatsa Malamulo Aakulu atsopano mu 1994, munaikidwa ndime 31, imene ipatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa ndi mosaika moyo wake pachiswe, ufulu wolandira malipiro oyenera, ufulu wolandira mofanana ndi mnzake pa ntchito yofanana, ndi ufulu wokhala m'bungwe la apantchito. Pa maziko amenewa Nyumba ya Malamulo inamangapo lamulo la ubale wa pantchito mu 1996, limene linaika ndondomeko ya bwalo lapadera la milandu ya zantchito, ndiponso lamulo la kalembedwe ka ntchito mu 2000, limene m'maofesi alitchula kuti Employment Act. Ndipo zambiri zimene ndinene pano zichokera m'lamulo lachiwirili.

Chiyambi cha zonse ndi pangano. Amene amawerenga Buku Lopatulika akumbukira mmene Yakobo anatumikira Labani zaka makumi awiri, mkuluyo akumusinthira malipiro kakhumi, popeza zonse zinali za pakamwa ndipo mwini nkhosa ndiye anali mwini mawu. Ndipo a Labani a masiku ano sanathe. Lamulo lathu livomereza ndithu kuti pangano la pakamwa ndi pangano, kotero kuti amene analembedwa pansi pa mtengo popanda pepala ali wantchito monga mnzake wa mu ofesi, ndipo maufulu ake sachepa. Komabe lilamula kuti wolemba amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke kwa aliyense, mwezi woyamba usanathe, chikalata chonena dzina la wolemba ndi la wolembedwa, tsiku loyambira ntchito, kuchuluka kwa malipiro ndi nthawi yolandirira, mtundu wa ntchitoyo, maola ake, ndi njira yothetsera panganolo. Ndikupemphani, abale anga, kuti ngakhale pamene lamulo silikakamiza, monga m'nyumba ya wantchito mmodzi, mupemphe mwaulemu kuti zimenezi zilembedwe, ngakhale pa tsamba la kope la mwana wa sukulu, onse awiri n'kusainira. Lamulo linenanso kuti polandira malipiro mupatsidwe pepala loonetsa zimene mwalandira ndi zimene zadulidwa. Mapepala amenewa muwasunge monga musungira chiphaso cha ubatizo.

Ndinena izi ndi mtima wowawa, chifukwa ndinali ndi mbale wanga, munthu wofatsa ndi woopa Mulungu, amene analondera pa malo ena a malonda zaka zambiri, usiku ndi usiku, m'chisanu cha Juni ndi m'mvula ya Febuluwale, ali ndi chibonga ndi tochi basi. Ndipo tsiku lina katundu atasowa m'nyumba yosungiramo, imene iye analibe ngakhale kiyi wake, anamuuza pageti pomwepo kuti ntchito yatha, osamufunsa kanthu, osamupatsa kalata, osamupatsa ngakhale za masiku amene anagwira mwezi umenewo. Iye anangoti Mulungu ndiye adziwa, nabwerera kumudzi. Pamene ife tinazimva, n'kumuuza kuti pali kokadandaula, chaka chinali chitapita, ndipo m'manja mwake munalibe pepala ndi limodzi lomwe losonyeza kuti anagwirapo ntchito pamalopo. Nkhope ya mkulu ameneyu ndiyo ili pamaso panga pamene ndilemba zotsatirazi.

Za maola lamulo linena mosabisa: ntchito ya masiku onse isapitirire maola 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu la maola 24. Zopitirira pamenepo ndi ovataimu, imene ili ndi mtengo wake: ola la ovataimu pa tsiku la ntchito lilipiridwa monga ola limodzi ndi theka, ndipo ola logwira pa tsiku lako lopuma kapena pa tsiku la tchuthi cha boma lilipiridwa kawiri. Pa chaka wantchito ali ndi tchuthi cholipiridwa cha masiku 18 ngati agwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena masiku 15 ngati agwira masiku asanu. Akadwala, atatha kale miyezi 12 pantchitopo, ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala, ayenera kulandira malipiro onse kwa masabata anayi ndi theka la malipiro kwa masabata ena asanu ndi atatu m'chaka chimodzi. Mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo akabwerako malo ake awapeze. Kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Kuyambira mu 2021 bambo nayenso apatsidwa masabata awiri kuti akhale pambali pa mkazi wake ndi khanda, chinthu chimene agogo athu akadachidabwa, koma chimene ine ndichiyesa chanzeru.

M'kusintha komweko kwa 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti wa m'minda ya fodya, umene banja lonse linkalima chaka chathunthu likudya chimanga cha ngongole kwa mwini esiteti, n'kudzapeza pogulitsa fodya kuti ngongole yameza zonse. Ambiri ankauona ngati thangata wovala malaya ena, ndipo sanalakwe. Wolima fodya wa mwini tsopano ayenera kulembedwa ndi kulipidwa monga wantchito wina aliyense. Mwana wosafika zaka 14 asalembedwe ntchito, ndipo wosafika zaka 18 asapatsidwe ntchito yoika moyo wake pangozi kapena yomulepheretsa sukulu. Kholo lotumiza kamtsikana kake kutauni kukalera ana a eni, ndi mayi wa kutauni wokalandira, onse awiri aganizepo bwino.

Pali malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza kudzera mwa nduna ya zantchito, ndipo wolemba aliyense wolipira pansi pa mlingo umenewo aphwanya lamulo, ngakhale wantchitoyo atavomera yekha chifukwa cha njala. Mlingowu umasintha, ndipo uyenera kusintha, pakuti tonse tinaona mmene ndalama ya kwacha inagwera ndi magawo 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, sopo ndi mafuta ophikira n'kukwera usiku umodzi, malipiro ali pomwepo. Ndipo mu 2024 boma linakweza malipiro ochepetsetsa a antchito ambiri kufika pa K90,000 pamwezi, antchito a m'nyumba n'kuwaikira mlingo wawo wocheperapo. Safunsa anadya phula: pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene anthu angoitcha kuti ku leba, mukafunse mlingo umene ulipo lero pa mtundu wa ntchito yanu. Sindinena kuti ndalama zimenezi zikwanira kulera banja m'tauni, kumene lendi, madzi, makala ndi minibasi zidikira pakhomo. Ndinena kuti ndi pansi penipeni, pamene munthu sayenera kutsitsidwa kupyola apo.

Tifike tsono pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito, pamene pagona misozi yambiri, ndi pamene lamulo lathu lalankhula mwamphamvu koposa. Munthu sachotsedwa ntchito chifukwa bwana wadzuka ndi mkwiyo. Payenera kukhala chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zimene lamulo lizindikira ndi za mitundu itatu: kulephera ntchito, khalidwe loipa, kapena kuvuta kwa zinthu pamalo pa ntchitopo, monga pamene malonda alowa pansi ndipo antchito ayenera kuchepetsedwa. Ngati chifukwacho chikhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, wantchito ayenera kuyamba wauzidwa chimene akumuneneza, napatsidwa mpata woyankhapo; ndipo apa lamulo silinabweretse chachilendo, pakuti ngakhale pabwalo la kwa mfumu akuluakulu sagamula mlandu atamva mbali imodzi. Ndipo chimene ambiri sachidziwa ndi ichi, kuti nkhani ikafika kubwalo, udindo woonetsa chifukwa chochotsera munthu uli pa wolemba ntchito. Akalephera kuchionetsa, bwalo liyesa kuti munthuyo anachotsedwa mopanda chilungamo. Mtundu wa munthu, chipembedzo chake, chipani chimene achikonda, kulumala, pakati, kudwala kwa kanthawi, kukhala m'bungwe la apantchito, ndi kukadandaula ku leba, zonsezi lamulo lakana kuti zikhale zifukwa zochotsera munthu. Ndiponso bwana amene safuna kutchula mawu akuti choka, koma amazunza wantchito tsiku ndi tsiku kufikira atathawa yekha, asaganize kuti wachenjera, pakuti lamulo liwerenga kuthawa kotero ngati kuchotsedwa.

Pangano likamatha mwa njira yake, pamakhala notisi. Wolandira pamwezi apatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisiyo. Ndipo lamulo limeneli ndi lakuthwa konsekonse, pakuti nayenso wantchito wofuna kusiya ayenera kupereka notisi yomweyo, osati kungosowa m'mawa wina atalandira. Malipiro onse otsala, pamodzi ndi a masiku a tchuthi chimene sanapite, aperekedwe pasanathe masiku 7 chithere ntchito, ndipo wantchito akapempha apatsidwe kalata yosonyeza kuti anagwira pamalopo kuyambira liti kufikira liti. Amene wachotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito, kapena wachotsedwa mopanda chilungamo, atagwira chaka chimodzi kapena kuposerapo, ali ndi ndalama ina yapadera yomuperekeza, imene iwerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufikira chakhumi, ndi a masabata anayi pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo. Munthu wa zaka 12 pantchito, mwachitsanzo, awerenge masabata 10, aonjeze 15, aonjezenso 8, apeza malipiro a masabata 33. Ndipo mbale wanga uja, akadadziwa masamu amenewa, sakadabwerera kumudzi ndi tochi yokha.

Za ukalamba ndinene mwachidule. Kuyambira mu 2011 dziko lathu lili ndi lamulo lokakamiza penshoni, limene linakonzedwanso mu 2023, ndipo mwa lamulo limeneli wolemba ntchito aponya magawo 10 pa 100 aliwonse a malipiro, wantchito naponya magawo 5, m'thumba losungidwa ndi kampani ya penshoni pansi pa diso la Reserve Bank of Malawi. Choipa chimene chimachitika n'chakuti olemba ena amadula magawo asanuwo pa malipiro koma osawatumiza kuthumbako, ndipo munthu amadzazindikira imvi zitamera. Chifukwa chake funsani dzina la kampani yosunga penshoni yanu, ndipo chaka ndi chaka muzipempha chikalata choonetsa zimene zalowa. Wovulala pantchito, kapena wodwala matenda obwera ndi ntchitoyo, ali ndi chipukuta misozi mwa lamulo lina la 2000, ndipo ngoziyo inenedwe msanga kwa bwana ndi ku leba, makalata a kuchipatala n'kusungidwa. Mayi kapena mtsikana amene kapitawo amuuza kuti ntchito kapena kukwezedwa zidzera pamphasa adziwe kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi liutcha mchitidwe umenewu mlandu, ndipo manyazi ake ndi a kapitawoyo.

Koma ndikadakhala wonyenga ndikadangonena za ufulu, osanena za udindo, pakuti walira mvula walira matope. Lamulo lomwelo limene litchinjiriza wantchito lipatsa wolemba mphamvu yochotsa munthu popanda notisi ngati wachita cholakwa chachikulu monga kuba, ngati azolowera kunyalanyaza ntchito yake, ngati ananama kuti ali ndi luso limene alibe, ngati akana dala lamulo loyenera la bwana, kapena ngati ajomba popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka. Ndipo wochotsedwa moyenera pa zifukwa zotere asayembekezere ndalama yomuperekeza ija. Ndaona alongo athu ena amene anayamba kasitolo ndi ndalama za banki m'khonde, nalemba mwana wa mnansi kuti awathandize, n'kupeza patapita miyezi itatu kuti mashelefu ayera ndipo kabuku ka ngongole kadzaza maina a abwenzi a mnyamatayo. Mwini kasitoloyo nayenso ndi munthu wodyeredwa thukuta. Wofika mochedwa n'kuweruka msanga, mmisiri wobisa simenti ya eni, kalaliki wofuna kangachepe asanatulutse fayilo ya mayi wamasiye, onsewa amafooketsa mlandu wa antchito anzawo okhulupirika, chifukwa amapatsa olemba ouma mtima chonamizira.

Nanga wolakwiridwa apite kuti? Ayambe ndi kulankhula ndi womulemba, ndipo ngati n'kotheka alembe kalata, nasunge ina yofanana nayo. Zikakanika, apite ku leba m'boma lake, atatenga mapepala onse amene ali nawo ndi maina a anthu amene angamuchitire umboni. Mkulu wa kumeneko aitana mbali zonse ziwiri nayesa kuziyanjanitsa, ndipo akalephera, nkhani ipita ku bwalo la milandu ya zantchito, la Industrial Relations Court, limene lili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo lili ndi mphamvu yolamula kuti munthu abwezeredwe pantchito kapena apatsidwe chipukuta misozi. Wosowa ndalama ya loya angathe kukagogoda ku Legal Aid Bureau, ofesi imene boma linaikira anthu otere. Makolo ankati mlandu suola, ndipo pa milandu ya kumudzi ananena zoona. Koma pa dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo lamulo laika miyezi itatu, kuwerengera tsiku lochotsedwalo, kuti munthu akhale atafika ku leba, ndipo wozengereza adzipezera mavuto amene akadawapewa. Sindibisa kuti milandu imachedwa kubwalo, ndi kuti wosauka amatopa ndi maulendo. Ichi ndi chilema chimene boma liyenera kuchichiza poonjezera oweruza ndi oyendera malo a ntchito. N'chifukwa chakenso mabungwe a apantchito, amene ambiri a iwo asonkhana pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, ali ofunika, popeza mutu umodzi susenza denga, ndipo mawu amene munthu mmodzi aopa kuwanena pamaso pa bwana, anthu makumi asanu amawanena mwaulemu ndipo amamveka.

Mawu anga otsiriza apite kwa ife amene tili antchito masana koma mabwana madzulo: aphunzitsi, anamwino, akalaliki ndi abusa, amene timadandaula kuti malipiro athu achedwa, pamene kunyumba kwathu kuli mtsikana amene adzuka nkhuku zisanatsike nagona ife titagona, wopanda tsiku lopuma, wopanda tchuthi, amene timamulipira zovala zakale ndi lonjezo lakuti tidzaona mwezi wamawa. Timati ndi mwana wa m'nyumba, koma pamaso pa lamulo ndi wantchito, ndipo zambiri mwa zimene zalembedwa pamwambapa ndi zakenso. Ndikupemphani kuti sabata ino isanathe mukhale naye pansi, mulembe tsiku limene anayamba, malipiro ake ndi tsiku lake lopuma, musainire nonse awiri, ndipo pepala limodzi mumupatse asunge yekha.